Utera Pati?

Loweruka lomaliza la mwezi ndimakwera basi ku Sleaford
kupita kubwalo la ndege lopanda phula,
kapinga yekhayekha, ndi shedi ya malata
momwe bambo Ackrill amasungamo ketulo yawo.

Ola limodzi mumlengalenga
ndimaligula ndi mausiku asanu ndi umodzi
osambitsa nkhalamba, kuzitembenuza, kuzimwetsa mapiritsi.
Iwo amadziwa, nchifukwa chake sataya nthawi ndi moni wautali.
Dzina langa ndi Mwatitha.
Pakamwa pawo limatuluka Matilda, ndipo ndinaleka kuwakonza.

"Zungulira ndege yako. Gwedeza phiko.
Mafuta uwaone ndi diso, geji imanama."

Akuti kale ankaulutsa ndege zothamanga kusiya phokoso lake m'mbuyo,
zonyamula moto kumimba.
Ndinamva kwa mayi wotchetcha kapinga,
eni ake satchula.
Chithunzi cha yunifolomu chilimo m'shedimo,
kuseri kwa kalendala ya kampani ya feteleza.
Lero ali ndi kandege ka mipando iwiri
kotsokomola kukazizira,
koti mphepo ikalimba malole a pamsewu amakapitirira.

Khutu lawo lamanzere linafera kunkhondo.
Ine ndimakhala kumanzere kwawo,
choncho mantha anga onse ndimawathira m'khutu lakufa.

Tikakwera, dziko limangoti see,
minda ya kabichi, minda ya mbatata,
ngalande zowongoka ngati wazilemba ndi lula.
Popanda chenjezo amakoka kachitsulo, injini n'kuti zii.
"Yafa. Utera pati?"
Mtima uli phaphapha, ndimaloza munda wa tirigu.
"Mawaya a magetsi sunawaone. Tafa tonse. Sankhanso."

Tsiku lina ndinaloza dambo kuseri kwa nyumba ya pafamu.
Panali zovala pachingwe, njinga ya mwana itagona pakhomo.
Anakhala chete nthawi yaitali
mpaka ndinayesa kuti sanamve.
Kenaka anati, maso ali pazenera:
"Ukakhala patali kwambiri, denga lililonse
limaoneka ngati mulibe munthu.
Zaka makumi awiri ndinkayang'ana pansi kufuna pomenya.
Pano ndimangofuna potera."
Atatero anandidzudzula kuti mphuno ya ndege yatsika.

Manja awo amanjenjemera akagwira kapu,
tiyi amatayikira pansapato.
M'ndege amawasanjika pamaondo, phee,
ngakhale pamene ndikubwera mopendekeka ngati nkhanu,
ngakhale matayala akamenya pansi n'kudumpha katatu.
Anandiuza kuti pa ntchito zonse zimene anagwirapo
yovuta ndi imeneyi:
kuona munthu akulakwitsa, iwe osamulanda chiwongolero.

Mu Okutobala, tsiku lopanda mphepo,
titatera kachinayi anamasula lamba,
natsika injini ikulira.
"Kazungulire kamodzi. Ine ndatopa nawe."
Chitseko anatseka ndi chigongono.

Popanda iwo kandege kanapepuka,
kanadzuka msanga ngati kakuthawa ngongole.
Mpando wawo unali ndi dzenje la thupi lawo basi.
Ndinayankhula nawo mpandowo. Ndinaufunsa liwiro.
Pansi apo, pakati pa kapinga,
kadontho ka jekete yachikasu sikanasunthe,
munthu amene mizinda inkamva kubwera kwake n'kuzimitsa nyale
ataima chilili, dzanja pachipumi,
kudikira mtsikana wosambitsa nkhalamba.

Ndinatera. Ndinadumpha kamodzi kokha.

M'shedi anatsegula buku langa la maulendo,
cholembera chikuvina m'zala.
Analemba mphindi khumi ndi ziwiri.
Pa mzere wa woyendetsa wamkulu anaima,
nandifunsa zilembo za dzina langa, chimodzichimodzi,
atatembenuzira kwa ine khutu lamoyo.

Basi ya folo koloko inandisiya.
Usiku womwewo ndinali pantchito,
ndikusintha nsalu za bedi la mayi wa m'chipinda chachisanu,
m'manja mukununkhabe mafuta a ndege.